Uta Woyenda ndi Ndodo

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirire agogo anga, a Yotamu Mbewe, ndipo akutchalitchi andipempha kuti ndidzanenepo mawu pa mwambo wowakumbukira. Ndikudziwa zimene akufuna kumva. Akufuna ndidzati anali munthu wofatsa, wokonda mtendere chibadwire. Ayi ndithu, bodza limenelo sindinena. Agogo anga anali munthu wamakani kuposa aliyense amene ndinakumanapo naye muno mu London, ndipo mtendere anayamba kuufunafuna atakalamba kale, pa chifukwa chimene abusa sangachiike mu ulaliki. Ankafuna kuti dzanja lawo lileke kunjenjemera, kuti asawaletse kuponya mivi m'nkhalango.

Inde, nkhalango. Akumudzi ndikawauza amaseka, amati ku London kulinso tchire? Liliko. Kum'mwera kwa Croydon, kumene nyumba zimayamba kutalikirana, kuli kankhalango ka kalabu ya anthu oponya mivi. Kusaka nyama ndi uta n'koletsedwa m'dziko muno, ndiye eni kalabuyo anagula nyama za siponji, zazikulu ngati zenizeni, n'kuzibisa m'mitengo. Apa gwape, apo nguluwe, pamtunda chimbalangondo chimene agogo ankati ndi fisi wonenepa. Munthu umayenda ndi uta wako potsata kanjira, ukaona nyama umaima, n'kuponya. Loweruka lililonse, kaya kugwe mvula kaya chisanu, agogo amakhala ali kumeneko, ndipo wowayendetsa pa galimoto ndinali ine.

Tsiku loyamba kuwaperekeza sindinawazindikire. Munthu amene poyembekeza tiramu, kasitima ka mumsewu, ankakoka mapazi n'kumadandaula za mawondo, atangodutsa pa kageti ka nkhalango anasanduka wina. Phazi ankaliika pansi ngati akuopa kudzutsa masamba. Ankatola kadothi n'kukawaza m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, kenaka n'kuzungulira kutali kuti gwape asamve fungo lawo.

“Agogo,” ndinatero, “gwape ameneyo ndi siponji. Alibe mphuno.”

Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. Kenaka anandinong'oneza kuti mkazi wolongolola amasiyidwa kunyumba.

Ankanditcha mkazi wawo, monga amachitira agogo ndi mdzukulu kwathu. Ine ndinkawabwezera kuti mwamuna wopanda mano ndimusiya, ndikapeze mnyamata wa ku Wembley. Azungu a kukalabu atamva kumasulira kwake koyamba anatong'ola maso, koma m'kupita kwa nthawi nawonso anazolowera, mpaka ankandifunsa kuti amuna anu adzuka bwanji lero.

Mitengo ya m'nkhalangomo anaipatsa mayina akwathu. Chimtengo chachikulu cha pokhota chinali msuku, ngakhale sichinabalepo suku ndi limodzi lomwe. Ina yosalala inali mombo. Kukakhala nkhungu ankaima chilili atatseka maso, n'kunena kuti akumva fungo la lupsa, kuti udzu wangopsa kumene ndipo nyama zituluka kudzanyambita phulusa. Ine ndinkangomva fungo la masamba owola ndi utsi wa magalimoto a pamsewu. Ndege zinkadutsa pamwamba pathu, iwo osazimva. Nthawi zina ankatchula mayina a agalu amene anafa ndisanabadwe, chapansipansi, n'kudikira pang'ono ngati abwera. Ndikavomere, m'mawa wina wa nkhungu yochindikala nanenso ndinacheuka kuyang'ana agaluwo.

Anabadwira ku Mchinji, chakumalire, ndipo uta anauphunzira kwa atsibweni awo amene anali mlenje. Kuno anabwera ali mnyamata, anayendetsa mabasi mpaka imvi, anakwatira agogo aakazi a Nabanda, analera ana, mayi anga ali woyamba. Zaka zonsezo sanagwirepo uta. A Nabanda atamwalira, fulati imene ankakhala itawakulira mwadzidzidzi, m'pamene anamva za kalabu ija. Anagula uta waufupi wa alenje, wakuda, ndipo akuti tsiku loyamba muvi wawo unalowa paphewa penipeni pa gwape, ngati kuti zaka zonse zija anangopita kukamwa madzi.

Za makani awo ndinganene mpaka mawa. Anakangana ndi atcheya a kutchalitchi pa nkhani ya kaimbidwe. Anakangana ndi mlamu wawo wa ku Mchinji pa nkhani ya malire a munda umene sanauonepo chichokere kumudzi. Mnansi wa m'chipinda cha pamwamba sankamupatsa moni chifukwa cha mabini a zinyalala. Koma mkangano waukulu unali wa a Tembo, mnzawo wa ku Tottenham, munthu wa ku Chipata amene anadya naye limodzi kuyambira unyamata. Pa maliro a a Nabanda, a Tembo ananena poyera kuti mayiyu anapempha kukagona kwawo pafupi ndi amayi ake, nanga bwanji tikumuika m'dothi lozizira la eni ake? Zinali zoona, n'chifukwa chake zinawawa. Agogo sanawalankhulenso.

Ndipo panali mkangano wawo ndi sitebilaiza. Kwa amene simunaonepo, ndi kandodo kachitsulo kamene amakamangirira kutsogolo kwa uta, m'munsi mwa pogwirira, koloza kumene muvi ukupita. Kumapeto kwake kumakhala kolemera, ndipo kulemerako kumachititsa kuti uta usagwedezeke m'manja. Anzawo ambiri anali nako. Agogo ankakaseka kwabasi. Ankati uta woyenda ndi ndodo ndi uta wokalamba, posachedwa muugulira ndi magalasi omwe. Ankati atsibweni awo ankalasa insa ikuthamanga ndi uta wa mtengo ndi nsinga ya chikopa, popanda chitsulo cholendewera. Uta wawo unali nalo bowo lomangira kandodoko, koma iwo analitseka ndi phula la kandulo, kuti aliyense aone kuti sadzalifuna.

Kunjenjemerako ndinayamba kukumva ndisanakuone. Kapu ya tiyi inkalira pa sosala, ngerengere, iwo n'kukweza wailesi. Linali dzanja lamanzere, logwira uta. Ndinawauza za dokotala, anandiyankha kuti ndisamale za ukwati wathu, ndisiye za madokotala. Kenaka Loweruka lina muvi unawapulumuka. Unadutsa pamwamba pa nguluwe, unapyola masamba, n'kukabaya mtengo wa m'mphepete mwa kanjira kamene anthu amayendetsamo agalu. Palibe anavulala. Koma ndinaona nkhope ya Maureen, mayi wachizungu woyang'anira kalabuyo, ikuyera ngati ufa.

Maureen ankawakonda agogo, ndipo analankhula nawo pambali, mofatsa. Anati apume kaye. Akaonane ndi dokotala, apeze sitebilaiza, ndipo akakonzeka abwere ayende nawo m'nkhalango iye akuona. Akakhutira, apitiriza. Akapanda kukhutira, uta aupachike. Pobwerera m'galimoto ndinayesa kuwatonthoza, ndinati ngakhale atakuletsani, muzibwerabe kudzayenda ndi anzanu. Anati kulowa m'tchire wopanda uta ndi kukatola nkhuni, ndipo iwo sanabadwire nkhuni.

Ndinkayesa kuti mawa lake tipita kuchipatala. Ha! Sindinawadziwe bwino amuna anga. Anandikhazika pansi n'kundifotokozera lamulo la atsibweni awo. Kwawo, alenje asanapite ku uzimba ankafunsana ngati pali wina amene wasiya mkangano kunyumba. Mlenje akaphonya nyama yoima pafupi, sankayang'ana uta, ankabwerera kumudzi kukafunsa amene ali naye chakukhosi. Dzanja, anatero agogo, silinjenjemera lokha. Pali amene akuligwedeza. Ndiye za chitsulo ndi za mapiritsi ziyambe zaima, iwo akudziwa pamene pagona vuto.

“Mukayamba ndi ndani?” ndinafunsa. “Poti mwayambana ndi London yense.”

“Ndiyamba ndi apafupi,” anatero, osaseka n'komwe.

Ndipo anayambadi. Anakwera masitepe kukagogoda kwa mnansi wa mabini uja, atanyamula paketi ya mabisiketi. Anadikira atcheya pakhomo la tchalitchi n'kuwagwira dzanja ndi manja awiri, atcheyawo mpaka anayang'ana kumbuyo kuona ngati pali wina. Anaimbira mlamu wawo ku Mchinji n'kumuuza kuti munda autenge wonse, ndi chulu chomwe. Akamaliza kupepesa munthu mmodzi ankapita pawindo, n'kutambasula dzanja lamanzere pakuwala, n'kuliyang'ana nthawi yaitali ngati mmene munthu amayang'anira kumwamba podikira mvula. Zala zinkavinabe. Ankapukusa mutu n'kunena kuti si ameneyu, alipo wina.

Ine zinkandipsetsa mtima, komanso zinkandimvetsa chisoni. Ndinawauza kuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso, matenda sadikira kuti mumalize kupepesa. Anati ndisawaphunzitse za mivi.

Kwa a Tembo tinapita masana a Lamulungu. Anavala jekete ya maliro, ndipo tinakwera sitima yapansi. A Tembo atatsegula chitseko anaima kukamwa kuli yasa.

“Imwe a Mbewe! Ni chani? Mufuna kufa?”

“Ndabwera kudzapepesa,” anatero agogo, chipewa chili m'manja. “Munanena zoona tsiku lija. Ine ndinakwiya chifukwa munanena zoona.”

“Mwachedwa maningi,” anatero a Tembo. “Koma ngenani. Nkhalani pansi, mudala.”

Ndinawasiya awiri, ndinapita kukagula tomato ndi therere m'masitolo a kumeneko. Pobwera ndinapeza nkhalamba ziwiri maso ali psuu, zikukangana kale kuti agwape a m'malire anali a ku Malawi kapena a ku Zambia. Potsazika agogo anatambasula dzanja lija. A Tembo analigwira, analitembenuza, n'kunena kuti apa palibe chakukhosi cha munthu, ni kukalamba chabe, yendani kuchipatala. Agogo anangoti watsala mmodzi.

Ndinadziwa amene ankanena. Tinapita kumanda m'mawa wa mvula yowaza, ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Ndinafuna kutsala m'galimoto, anati ayi, mkazi wamng'ono azimva zimene akuuzidwa wamkulu. Anagwada movutikira pa udzu wonyowa, anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuyamba kulankhula ngati a Nabanda ali kukhitchini.

“Nabanda, ndine. Munandipempha kuti ndikakutuleni kwanu, ine ndinakana. Anthu ndinawauza zifukwa zambirimbiri. Chifukwa chake chenicheni n'chakuti kumanda kuno ndimafikako pa basi. Ndikanakupititsani kumudzi, ndikanakuonani liti? Ndinadzikonda, mayi. Ngati ndinu mwagwira dzanjali, lisiyeni, ndapota nanu.”

Ine ndinaima kumbuyo kwawo. Mvula inkagwa pa masamba mopanda phokoso, ndipo patali tiramu inalira belu lake. Kenaka anakweza dzanja lija patsogolo pa mwala wa pamanda. Linkanjenjemera monga kale, madontho akugwa kunsonga za zala. Analiyang'ana, analiyang'ana, ndipo ndinadabwa kumva akuseka, kuseka kwa pansipansi, misozi ili m'masaya.

“Ndiye kuti palibe wondikwiyira,” anatero. “Dziko lonse lapansi, ndi kumanda komwe, palibe. Ndangokalamba basi. Ndidzutse, mkazi wanga. Tiye tikaugulire ndodo uta uja.”

Dokotala anatchula dzina la matenda a mitsempha, anapereka mapiritsi, n'kunena poyera kuti achepetsa koma sathetsa. Zimenezo agogo anazimva ndi khutu limodzi. Mtima wawo unali pa ulendo wa kusitolo, ndipo ulendo umenewo ndi umene ndimaukumbuka ndikamawasowa.

Inali sitolo ya mauta ndi mivi kunja kwa tauni, yonunkha mphira ndi mafuta. Mwini wake, bambo wa ndevu zofiira, atatenga uta wa agogo anaona phula lija n'kumwetulira. Anatenga kasingano n'kuyamba kulikolopola. Agogo anayang'ana kumbali ngati mmene munthu amachitira pobayidwa jekeseni. Kenaka bamboyo anayala tindodo pa tebulo n'kufotokoza kuti nkhani yagona pa zinthu ziwiri, kutalika ndi kulemera. Cholemera chikakhala patali ndi dzanja, uta umadekha kwambiri. Oponya pa bwalo amakonda zazitali. Alenje amatenga zazifupi, zokhala ndi mphira womeza phokoso, koma zazifupi sizigwira dzanja mofanana ndi zazitali. Kwa dzanja ngati ili, anatero mosabisa, iye akanasankha yaitali.

Kuseri kunali kachipinda koyeserera, kokhala ndi chandamale kukhoma. Anayamba ndi yaitaliyo, yotalika kuposa mkono wanga wonse. Agogo anakweza uta, anakoka nsinga mpaka patsaya, ndipo abale inu, uta unaima. Unaima zii, ngati madzi a m'mtsuko. Anatseka maso, anapuma, anatsegula, muvi unali ukulozabe pomwepo. Nkhope yawo inasalala, makwinya onse a miyezi imeneyo anachoka, ndipo kwa kanthawi ndinaona mnyamata wa ku Mchinji amene ndinkangomumva m'nkhani. Ndinatsala pang'ono kululuta m'sitolo ya eni.

Iwo anatsitsa uta osaponya. Anatuluka m'kachipindako, uta uli m'manja, n'kulunjika kumene kunapachikidwa majekete ogulitsa, mizere iwiri yothinana. Anawerama, anapinda mawondo aja odwala, n'kuyamba kunyang'ama pakati pa majeketewo ngati ali m'tchire la minga. Ndodo ija inakola jekete loyamba, inakoka lachiwiri, mahang'ala anachita phokoso, zovala zinagwa mulu. Anthu onse m'sitolo anatembenuka. Ine ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe.

Agogo anawongoka, n'kuuza bambo wa ndevu uja m'Chingerezi chawo cha pabasi kuti gwape wathawa kalekale, ali ku Brighton tsopano. Bamboyo anaseka mpaka kugwira tebulo.

Anayesa yaifupi kwambiri, yonga chitsononkho cha chimanga. Imeneyo anaikonda poiona, ndipo m'majekete inadutsa bwinobwino. Koma atakoka nsinga, nsonga ya muvi inkangojambula timizere m'mwamba. Anaivula okha, mosanyinyirika. Ndiye panatsala yapakati, yotalika kuchokera pachigongono kufika padzanja, yokhala ndi timphete tachitsulo kumapeto toti ukhoza kuwonjezera kapena kuchotsa. Apa m'pamene anakhalitsa. Akawonjezera mphete, dzanja linkadekha, koma phewa linkayamba kutsika. Akachotsa, phewa linkapepuka, dzanja n'kuyambanso kuvina. Anabwereza kambirimbiri, kuika, kuchotsa, kutseka maso, kutsegula. Akaponya ankapendeketsa mutu kumvetsera, amati uta wa mlenje uzinong'ona, usamakuwe. Potsiriza anapeza pamene dzanja ndi phewa zinagwirizana, ngakhale kuti kugwirizana kwake kunali kwa anthu ongopirirana. Sinaime zii ngati yaitali ija. Inkapuma pang'ono, uku ndi uku.

“Iyi,” anatero.

Pamenepo ndinapsa mtima zenizeni. Ndinayankhula Chichewa kuti bamboyo asamve. “Agogo, mwapenga? Mwaona nokha imene yagwira dzanja. Maureen akufuna kuona mivi pa nyama, sakufuna kuona kuti mumatha kukwawa. Mukalephera ndiye kwatha, mukudziwa?”

“Ndikudziwa.”

“Nanga makani n'ngachiyani? Mwapepesa anthu onse aja kuti mudzagonje pa kandodo?”

Anandigwira pamkono ndi dzanja lomwe lija, ndipo ndinamva kunjenjemera kwake kukulowa mwa ine. Anati ndi yaitaliyo akhoza kupambana, inde, koma apambanira pa kapinga wometa, pamzere, akuponya pa pepala la mawilo amitundumitundu, chifukwa m'mitengo siyenda. Kumeneko ndi kusukulu. Iwo sakumenyera kulasa, akumenyera tchire. Ngati n'kulephera, alepherere m'tchire, nsapato zili ndi matope.

Tinalipira n'kutuluka. Njira yonse yobwerera ndinayendetsa galimoto nditakwiya, iwo atafungatira uta pamiyendo, akusisita kandodoko ndi chala ngati mphuno ya mwana wa ng'ombe.

Tsiku loyenda ndi Maureen masamba anali atafiira, akuyoyoka okha popanda mphepo. Mtima wanga unali m'mwamba. Pa gwape woyamba muvi unalowa bwino. Pa wachiwiri unalowa chakumbuyo, komabe unalowa. Maureen ankayenda m'mbuyo mwathu manja ali m'matumba. Kenaka njira inayamba kukwera, ndipo ndinaona agogo akusinthira uta kudzanja lina kuti phewa lipume. Titafika pa nguluwe ija, yomwe ija, anaima, anakweza, anakoka. Kandodo kanayesetsa, ndinakaona ndi maso anga kakulimbana nalo dzanjalo. Koma phewa linali litatopa, ndipo nsonga ya muvi inayamba kuzungulira, kuzungulira, mozungulira mukukulirakulira. Kuseri kwa mitengo kunamveka galu ndi mawu a mwana.

Anabweza nsinga pang'onopang'ono, osaponya. Anachotsa muvi n'kuubwezera m'phodo. Kenaka anatembenukira kwa Maureen, anavula chipewa, n'kumuuza kuti asavutike kufunafuna mawu, aona okha.

Ndinalira, sindibisa. Ndinkafuna kukuwa kuti ndinanena ine, koma ndinangopukuta misozi.

Maureen anati timutsatire. Anatipatutsa pa njira ya onse n'kutilowetsa m'kanjira kena kotsetsereka, kothina, ka minga mbali zonse, koti munthu umadutsa chowerama. Agogo anali patsogolo panga, uta uli m'manja, ndipo kandodo kaja kankadutsa m'mingamo osakola ngakhale tsamba. Pakati pa njira anacheuka n'kundiyang'ana, nsidze zili m'mwamba. Kuyang'ana kumeneko kunandiwawa kuposa mawu.

Kumunsi kunali dzenje lalikulu lakale limene anthu ankakumbamo choko, lozunguliridwa ndi khoma loyera lalitali kuposa nyumba. Munali bata ngati m'tchalitchi mkati mwa sabata. Maureen anati muno muvi ngakhale utasochera chotani ukathera m'khoma. Kuyenda nkhalango yonse ayi, zimenezo zatha, ndipo sawanamiza. Koma akhoza kutsitsira muno gwape mmodzi ndi mpando, malowa akhale awo.

Ndinagwira mpweya, podziwa makani a munthu wanga. Iwo anayendayenda m'dzenjemo, akuyang'ana pansi. Pakona pamene madzi a mvula ankadikha anawerama, n'kundikodola. M'matope munali mapazi a gwape, weniweni, ang'onoang'ono, akuthwa ngati asindikizidwa m'mawa womwewo. Anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka ananena, osati kwa ine kapena kwa Maureen, kuti kwawo mlenje akakalamba sathamanganso ndi anyamata, amakakhala pa madzi n'kudikira. Analoza pansi pa kamtengo kena n'kunena kuti mpando ukhale apo.

Anakhala m'dzenjemo dzinja lonse ndi chilimwe chotsatira. Ndinkawatsitsira botolo la tiyi ndi bulangete, n'kukhala pa mwala chapatali. Ankaponya mivi yowerengeka, ataimirira, kenaka n'kukhala. Masiku ena sankaponya n'umodzi womwe, ankangokhala uta uli pamiyendo, maso ali pa madzi aja, milomo ikuyenda. A Tembo anayamba kubwera nawo, atavala nsapato za kutchalitchi, akudandaula za matope ndi kufunsa kuti nyama ya siponji idyedwa liti. Madzulo ena a chilimwe, kuwala kutagunda khoma loyera lija mpaka dzenje lonse kuoneka ngati ladzaza mkaka, agogo anandiuza kuti sakudziwanso bwino ngati ali ku Croydon akulota Mchinji, kapena ali ku Mchinji, mnyamata, wagona pansi pa mtengo akulota kuti anakalamba kudziko la azungu. Ndinati ngati mukulota, mundilote ndili ndi mwamuna wa mano. Anaseka mpaka kutsokomola.

Chisanu chitabweranso anadwala chibayo, ndipo sanachedwe. Pa maliro anabwera atcheya, anabwera mnansi wa mabini, mlamu wa ku Mchinji analira pa foni mpaka mawu kutha. Anthu a kukalabu anaima kumbuyo, osamva nyimbo ndi imodzi yomwe, zipewa zili m'manja. Aliyense ankati tataya munthu wamtendere, ine ndi a Tembo n'kumangoyang'anana. Tinawaika pambali pa a Nabanda.

Loweruka lapitali ndinapita kunkhalango ndekha, koyamba chimwalirire iwo. Maureen anandipatsa moni, anandifinya dzanja, n'kundisiya nditsike. Minga yakula, kanjira katsala pang'ono kutsekeka, poti palibe amene amapitako. Gwape wa siponji akadali chiimire, wasuluka ndi mvula, ndere zamera pamsana pake, ndipo m'mabowo a mivi a paphewa mwalowa tizilombo. Mpando uli pomwe anauloza, pansi pa kamtengo, miyendo yake yamira m'dothi. Pokhalira padzaza masamba onyowa. Kutsogolo kwake kuli timaenje tiwiri pamene ankaponda akaimirira kuti akoke uta, ndipo mwadikha madzi. Ndinawasowa kwambiri pamenepo.

Nditayang'ana pansi ndinaona kuti matope onse adzaza mapazi a agwape, akulu ndi ana omwe. Kale ankathera kutali, kumadzi kuja. Tsopano amabwera mpaka pampando, amauzungulira, ndipo pambali pake pali malo pamene udzu wagona, pamene mmodzi wakhala akugona masana.